Phunziro la Mbiri: Zero, Wildcat ndi Timitengo ta Machesi

Pa Nkhondo Yachiwiri Yapadziko Lonse, asilikali a America ndi a Japan ankamenyana pa nyanja ya Pacific pogwiritsa ntchito sitima zikuluzikulu zonyamula ndege. Pamwamba pa sitima yotere pankakhala bwalo lotalika mamita pafupifupi 250. Ndege ikamatera, mbedza ya kumchira kwake inkakola chingwe chachitsulo choyalidwa mopingasa pabwalopo, ndipo inkaima nthawi yomweyo. Woyendetsa akaphonya zingwezo, ngozi inali pafupi.

Ndege ziwiri zosiyana

Japan inali ndi Mitsubishi A6M Zero, yomwe anaikonza Jiro Horikoshi ndipo inayamba ntchito mu 1940. Inali yopepuka, yokhota msanga komanso youluka mtunda wautali. Koma kuti ipepuke choncho, sanaiike zitsulo zotchinjiriza woyendetsa kapena matanki a mafuta odzitseka okha akabooledwa. Zipolopolo zochepa zinkatha kuiyatsa moto.

America inali ndi Grumman F4F Wildcat, yolimba koma yolemera ndiponso yochedwa kukwera m'mwamba. Ikalimbana ndi Zero pa mpikisano wokhotakhota, kawirikawiri inkagonja.

Nzeru ya John Thach

Mu 1941, msilikali woyendetsa ndege dzina lake John Thach anamva mbiri ya Zero. Usiku ankayala timitengo ta machesi patebulo kunyumba kwake ku California, kamtengo kalikonse kakuimira ndege, mpaka anapeza njira. Ndege ziwiri ziziuluka motalikirana koma mofanana. Mdani akaikhalira imodzi kumbuyo, zonse ziwiri zizikhota moyang'anizana. Akapitiriza kuthamangitsa, mdaniyo amapezeka ali kutsogolo kwa mfuti za inzake ija. Paja mutu umodzi susenza denga.

Thach anaiyesa njirayi pa nkhondo ya Midway pa 4 June 1942, ndipo inathandiza. Pa nkhondo imeneyi Japan inataya sitima zinayi zonyamula ndege: Akagi, Kaga, Soryu ndi Hiryu. America inataya Yorktown.

Zimene zinatsatira

Mu 1943 kunabwera Grumman F6F Hellcat, ya injini yamphamvu kwambiri, ndipo anapanga zoposa 12,000. Pa 19 June 1944, pa nkhondo ya Philippine Sea, Japan inataya ndege zoposa 300 tsiku limodzi. Vuto silinali ndege zokha. Akatswiri ake ambiri anali atafa kale, ndipo anyamata olowa m'malo mwawo ankatumizidwa asanaphunzire mokwanira. America inkabweza kumudzi ena mwa akatswiri ake kuti akaphunzitse atsopano.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani kupepuka kwa Zero kunali mphamvu yake komanso kufooka kwake?
2. Kodi njira ya Thach inkafuna chiyani kwa oyendetsa ndege awiriwo kuti itheke?
3. Pakati pa chida ndi maphunziro a wochigwiritsa ntchito, n'chiti chinasintha kwambiri nkhondoyi? Perekani zifukwa.