Buku Lopanda Mathero: Chikoka cha Nthano Zachikondi

Buku loyamba lachikondi limene ndidawerenga ndidalipeza m'sutikesi ya azakhali anga kwathu kwa Dzoole, m'boma la Dowa. Lidali la Mills & Boon, kampani imene idayamba ku London m'chaka cha 1908. Masamba omalizira padalibe chifukwa agogo adali atapichirira fodya. Nditadandaula, azakhali adaseka nati, "Ukuvutikiranji mwana iwe? Akwatirana basi." M'nkhani ino ndiyesa kuyankha funso limene lidandisautsa kuyambira tsiku limenelo: ngati mathero timawadziwa kale, chimatikoka n'chiyani m'mabuku otere?

Poyamba, tsinde la nthano yachikondi silisinthasintha. Mnyamata ndi mtsikana amakumana, pakati pawo pamagwa chopinga, kenaka chopingacho chimachoka. Choncho wowerenga safunsa ngati awiriwo adzakwatirane, koma amafunsa kuti adzadutsa bwanji. Mlembi waluso amaoneka pa chopinga chimene wasankha. M'buku la azakhali lija chopinga chidali kunyada kwa atengambali eni ake. M'mabuku a Pacesetters, amene kampani ya Macmillan idayamba kusindikiza m'chaka cha 1977 olemba ake ali Aafirika, kawirikawiri chopinga chimakhala chodziwika kwa ife: makolo, ndalama, mtundu kapena moyo wa m'tauni.

Kachiwiri, mabukuwa amapatsa anthu awiri mphamvu imene mwambo wathu umagawira anthu ambiri. Pa Chichewa, mnyamata akafunsira mbeta napereka chikole, nkhani imapita kwa amalume, ndipo ukwati sukhala ukwati popanda ankhoswe. Ngakhale funso loti banja likakhale kuti, kuchikamwini kapena kuchitengwa, amakambirana ndi akuluakulu. M'buku lija mudalibe nkhoswe ndi mmodzi yemwe. Mtsikana adakana yekha, navomera yekha. Ndikukhulupirira kuti azakhali, amene adakwatiwa mwa dongosolo lonse la mwambo, ankakonda kumva mawu a mtsikanayo akulemekezedwa chotero.

Kachitatu, pali nkhani ya chiyankhulo. Mneni "konda" timamugwiritsa ntchito pa nsima, pa mpira ndi pa munthu yemwe. Kumudzi sindidamvepo bambo akuuza mayi poyera kuti amawakonda. Chikondi chimaoneka pa chitenje chogulidwa fodya akagulitsidwa, kapena pa madzi osamba otenthetsedwa m'mawa wa mwezi wa June. Buku limatchula zimene ife timachita mwakachetechete, ndipo wowerenga amamva kukoma kwa mawu amene iye angachite nawo manyazi.

Ena amati mabukuwa amaononga atsikana powalonjeza mwamuna wolemera ndi banja lopanda mavuto. Mfundoyi ili ndi nzeru, pakuti nthano zambiri zimathera pa tsiku laukwati, pamene ankhoswe amadziwa kuti ntchito yawo yangoyamba kumene. Komabe Janice Radway, m'buku lake la Reading the Romance la 1984, adapeza kuti amayi a ku America amene adacheza nawo ankawerenga pofuna kupezako nthawi yawoyawo atatopa ndi kusamalira ena. Azakhali nawo ankawerenga madzulo, atabwera kudimba ndi kutsuka mbale.

Pomaliza, ndikuona kuti chikoka cha nthano yachikondi chili pa chopinga ndi pa ufulu wosankha, osati pa mathero. Funso langa kwa ife ophunzira zolembalemba ndi ili: tingalembe bwanji m'Chichewa nthano imene mtsikana asankha yekha, koma amalume ndi ankhoswe osasanduka adani?