Azakhali, ampu yanga ikungozima

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27, ndili ndi ka Vitz kanga kochokera ku Japan. Ndinagula ma subwoofer awiri a mainchesi 12, pakatoni analemba 3000W, komanso ampu ya matchanelo awiri. Anandilumikizira ndi mnzanga. Koma ndikangokweza, nyimbo isanathe ampu imatentha n'kuzima. Besi ikagunda magetsi akutsogolo amaphethira, ndipo ndikaponda mafuta masipika amalira ngati udzudzu. Bwenzi langa lati silidzakweranso. Kodi ndigule ampu yaikulu?

Wosokonezeka, ku Ndirande

Iwe mwana wa achimwene,

Ka Vitz kameneka ukufuna kasanduke holo yaukwati? Zoti kumudzi denga la mayi ako likudontha pamene ndalama zonse zinalowa m'buti, lero sinditchula. Khala pansi, bweza chikwama m'thumba. Ampu yaikulu sichiza matenda akowa.

Tiyambe ndi 3000W yakoyo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Nambala yonenepa yapakatoni ndi mphamvu imene sipika ingapirire kwa kamphindi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo ena amangoilembapo kuti anyamata ngati iwe mtima udumphe. Yofunika ndi ija yolembedwa tating'ono pambali pa zilembo RMS, ndiyo katundu amene sipika imasenza kuyambira ku Limbe mpaka ku Lilongwe osadandaula. Ma subwoofer ambiri a mainchesi 12 amtengo wapakati amakhala pa 250 mpaka 400. Phatikiza RMS ya awiriwo, ampu yako izitulutsa mphamvu yofanana nayo kapena kuyandikirapo, nayonso poiyeza pa RMS.

Koma chikuzimitsa ampu ndi ma ohm, ndipo mnzakoyo ndamuona kale ngakhale sindimudziwa. Ngati sipika iliyonse ndi ya ma ohm 4, iye anamanga plus ku plus, minus ku minus, zonse pamodzi zinatsika kufika pa 2. Kenako anaphatikiza matchanelo awiri aja kukhala imodzi, zimene amati bridge. Ma ampu ambiri otere akawapanga bridge safuna zochepera ma ohm 4. Ukawapatsa 2 ndiye wakweza matumba anayi a chimanga pa njinga ya kabaza, n'kumuuza mwiniwake kuti akwere chitunda cha ku Soche. Ampu ikamazima ikudziteteza, ili ndi nzeru kuposa nonse awiri. Masula bridge, sipika iliyonse ikhale ndi tchanelo chake. Kapena chotsa sipika imodzi, yotsalayo uipange bridge, ndipo buti ipumeko. Ukakakamira awiri onse pamodzi, pamenepo ndiye ugule ampu ya tchanelo chimodzi, monoblock ya Class D, imene yalembedwa kuti imapirira ma ohm 2. Usanagwire chilichonse werenga zolemba kumbuyo kwa sipika, chifukwa zina zili ndi makoyilo awiri ndipo masamu ake amasintha.

Tsopano waya. Apa ndiye pamene anyamata mumaumira, mutamwaza ndalama pa zonyezimira. Ampu ya 500W RMS ikamagunda kwambiri imakoka ma amp 45 kapena kuposerapo kuchokera ku batire. Imafuna waya wa 4 gauge, wakopa weniweni. Pamsika pali waya wonenepa pulasitiki, mkati muli titsitsi towerengeka, ndiponso wina wa aluminiyamu wongopaka kopa pamwamba. Pala ndi mpeni: akayera mkati, usiye kapena utenge wokulirapo.

Fyuzi ndiye usachite nayo masewera. Ikhale pa waya wofiira pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Ija ili pa ampu imateteza ampu basi. Iyi ndiyo imateteza galimoto, chifukwa waya akadyeka ndi chitsulo penapake pansi pa kapeti, batire imathira moto wake wonse pamenepo. Pomwe waya akudutsa pachitsulo kuchoka ku injini kulowa mkati payenera kukhala mphira. Ndipo musanayambe ntchito chotsani kaye minus ya batire. Sindikufuna kudzamva kuti mwana wa achimwene akuyenda wapansi atanyamula chiwongolero chokha.

Udzudzu ukuumvawo ndi phokoso la alternator lomwe lalowa m'nyimbo. Kawirikawiri wolakwa ndi waya wa earth. Akhale wamfupi, wonenepa ngati wofiira uja, womangidwa zolimba pachitsulo cha galimoto chimene wapala penti mpaka kuwala. Zingwe za RCA zidutse mbali ina ya galimoto, waya wamoto mbali inanso, ngati mkamwini ndi apongozi panjira. Kawaya ka buluu kamzere woyera kochokera kuwailesi kalowe polembedwa REM, kuti ukazimitsa galimoto ampu izigonanso. Mnzako akakalumikiza ku batire mwachidule, m'mawa udzakhala ukupempha ana asukulu akukankhe.

Magetsi ophethirawo akukuuza kuti alternator ya Vitz anaipangira nyale, AC ndi kawailesi, osati disiko. Wina adzakugulitsa capacitor. Iyo imangosunga moto pang'ono, sipanga. Konza mawaya, yezetsa batire, ndipo zikapitirira chepetsa dyera.

Kabatani kolembedwa gain si voliyumu, leka kukapotokola mpaka kumapeto. Kabweze pansi, kweza wailesi kufika magawo atatu mwa anayi, kenako uzikakweza pang'onopang'ono. Besi ikangoyamba kusasa mawu, bwerera m'mbuyo pang'ono. Kusasako n'kumene kumaotcha koyilo. Polembedwa LPF ika pa 80Hz kuti subwoofer izigunda besi yokha, mawu a woimba iwasiyire masipika am'zitseko. Bass boost isiye pa ziro.

Za bwenzi lakolo, mtsikanayo akufuna azimva zimene ukunena, kapena mwina akudikira mawu ena amene sunanenebe, oti ankhoswe akaonane. Ukaona masamba pamsewu uzizimitsa chinthu chakocho, pamaliro sadutsa ndi besi. Loweruka ubwere udzanditenge tipite kuchigayo. Ndili ndi matumba awiri, uone wekha pomwe uwaike poti buti unapereka kwa masipika.

Ndine,
Azakhali ako