Piritsi lachiwiri la chithokomiro liyambe ladikira

Azakhali,
Ndili ndi zaka 36, ndimagulitsa kaunjika. Kuchipatala adati chithokomiro changa n'chofooka, n'kundipatsa levothyroxine. Patha chaka ndikumwa, ndimamezera phala la soya pothamangira minibasi, koma thupi likadali lolemera, ndipo ndimazizidwa ngakhale mu Okutobala. Achemwali anga a ku Johannesburg akuti anditumizire liothyronine ndizimwa pamodzi. Ndivomere?
Mayi wa ku Chinsapo

Mwana wanga,
Achemwali anuwo auzeni ayambe adikira, chifukwa ine ndikukayikira phalalo. Levothyroxine ndi T4, imene thupi limaisandutsa lokha kukhala T3 pang'onopang'ono monga likufunira. Koma piritsili n'lansanje, silifuna mnzake m'mimba. Soya, mkaka, mankhwala a chilungulira ndi mapiritsi owonjezera magazi aja a kusikelo amalitchinga kuti lisalowe bwino m'magazi, ndipo rifampicin wa TB amalithetsa msanga. Limezeni ndi madzi okha mukangodzuka, papite mphindi 30 mpaka 60 musanadye; owonjezera magaziwo atalikirane nalo maola 4. Pakatha masabata 6 mpaka 8 mukayezetse magazi a chithokomiro, otchedwa TSH, ngakhale zitafuna kalata yopita ku Kamuzu Central, kuti adokotala aone ngati mlingo wanu ukukwanira.

Mwina muti, nanga ena ophatikiza mapiritsi awiriwa akupezera bwino bwanji? Maganizowa sadangotoledwa pamsewu ayi. Mu 1999 kafukufuku wa ku Lithuania wa odwala 33 adaonetsa kuti ophatikiza T4 ndi T3 (ndiye liothyronine uja) ankapepukidwa. Koma kafukufuku wina wotsatira, wa anthu ochuluka, sadapeze phindu lokhazikika, n'chifukwa chake mu 2014 American Thyroid Association idati levothyroxine yekha ndiye mankhwala oyenera kuyambira. Kumene amayesa kuphatikiza, amatero katswiri ali pambali, magazi akuyezedwa pafupipafupi. T4 imakhalitsa m'thupi pafupifupi sabata, pamene T3 imakwera msanga n'kutsika tsiku lomwelo. Ikachuluka mtima umathamanga mosalongosoka, tulo timasowa, mafupa amayamba kufooka. Ndipo mankhwala odalira basi ya ku Joni, ikachedwa pa Dedza mudzamwa chiyani? Ngati mukuganizako za pathupi pena, apo ndiye liothyronine ayi ndithu, poti ubongo wa mwana wosabadwa umadalira T4 ya mayi.

TSH ikapezeka bwino koma kutopa osatha, musafulumire kuloza chala chithokomiro. Pemphani akuyezeninso kuchepa kwa magazi ndi shuga, ndipo muwauze adokotala mmene mukugonera ndi zimene zikukudyani mumtima.
Azakhali