Madzi m'chifuwa, koma makhololo alibe TB

Mayi athu a ku Ndirande, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mukuti bambo a kunyumba akubanika, akumva kubaya m'nthiti, ndipo ku chipatala cha Gulupu anawapopa madzi achikasu pafupifupi lita yathunthu. Chakudabwitsani n'choti makhololo sanaonetse TB, komabe awapatsa mankhwala a TB.

Mtima m'malo, mayi. Mapapo amakutidwa ndi kachikopa kopyapyala ka magawo awiri, ndipo madziwo amadzadza pakati pa magawowo, n'kumafinya phapo. Kuno kwathu kawirikawiri gwero lake ndi TB. Vuto n'lakuti tizilombo ta TB timakhala tochepa kwambiri m'madzimo, moti ngakhale makina a GeneXpert nthawi zambiri satipeza. N'chifukwa chake madokotala amayezanso maselo ndi mapuloteni a m'madziwo, amajambula chifuwa, amayeza HIV, poti matenda a mtima, chibayo ndi khansa ya Kaposi nazo zimabweretsa madzi. 

Chonde, bambo amwe mankhwalawo miyezi 6 yonse osadumphitsa. Kubanika kukakula, musadikire tsiku lomwe anakulemberani, bwererani nawo kuchipatala nthawi yomweyo.