Makompyuta ndi Buku la Chibadwa cha Munthu

Ku sikelo ya ana nthaŵi zina kumabwera mwana amene magazi sakhalitsa m'thupi mwake. Anabadwa wathanzi, koma atakwanitsa miyezi 6 manja ndi mapazi zinayamba kutupa, maso kuchita chikasu, ndipo amachezera kulira chifukwa cha kuŵaŵa kwa mafupa. Kumudzi ena amati walodzedwa, ena amanena kuti vuto lili ndi amayi ake. Kaŵirikaŵiri ameneŵa amakhala matenda a sickle cell, ndipo gwero lake ndi chilembo chimodzi chokha cholakwika m'malangizo amene mwanayo anatengera kwa makolo ake onse aŵiri.

Malangizowo ali m'maselo, tizigawo tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi. M'kati mwa selo muli ulusi wotchedwa DNA, womangidwa m'mitolo 46: mitolo 23 yochokera kwa bambo, ndi 23 yochokera kwa mayi. Pa ulusiwo pandandalikidwa mankhwala a mitundu inayi, amene akatswiri amawalemba ndi zilembo A, C, G ndi T. Chigawo cha ulusi chokhala ndi langizo limodzi chimatchedwa jini, zikachuluka majini. Majini ameneŵa asasokonezedwe ndi mizimu ija imagwira anthu. Dzina lokha ndilo lafanana. Malangizo onse pamodzi ndiwo amatchedwa genome, ndipo mitolo 23 ya kholo limodzi ili ndi zilembo pafupifupi mabiliyoni 3. Munthu woŵerenga chilembo chimodzi pa sekondi, usana ndi usiku osapuma, angatenge zaka 95 kuti afike kumapeto.

Ntchito yotere siingatheke popanda kompyuta. Luso logwiritsa ntchito makompyuta ndi masamu posunga, kulumikiza ndi kuyerekeza zilembo zimenezi ndilo limatchedwa bioinformatics.

Vuto loyamba linali la kulumikiza. Njira yoŵerengera DNA imene Frederick Sanger wa ku Cambridge anatulukira mu 1977 inkaŵerenga zilembo mazana angapo okha panthaŵi imodzi, choncho ulusi unkayenera kudulidwa m'tizidutswa. Kuli ngati kutenga mabuku khumi ofanana, kuwang'amba ting'onoting'ono, kuwasakaniza m'dengu, kenaka n'kuuza munthu kuti abwezeretse buku limodzi poona pamene mau a chidutswa ichi akufanana ndi mau a chidutswa icho. Ntchito yoŵerenga genome yonse ya munthu inayamba mu 1990, ndipo inagwiridwa ndi akatswiri a ku America, Britain, France, Germany, Japan ndi China. Pofika mu 2000 zidutswa zinali zitaunjikana. Jim Kent, amene anali akadali wophunzira pa yunivesite ya California ku Santa Cruz, analemba m'milungu yoŵerengeka pulogalamu imene inalumikiza zidutswa pafupifupi 400,000, ndipo pa 7 July 2000 bukulo linaikidwa pa intaneti kuti aliyense aliŵerenge kwaulere. Ntchitoyi inatsekedwa mu 2003, koma zigawo zovuta zimene zilembo zake zimangobwerezabwereza, pafupifupi magawo 8 pa 100 alionse, zinamalizidwa mu 2022.

Komabe kukhala ndi buku m'manja si kumvetsa zimene likunena. Mwana wa ku sikelo uja ndiye angasonyeze bwino phindu la ntchitoyi.

Cholakwika cha sickle cell chinadziŵika kale ntchitoyi isanayambe. Chili pa mtolo wa nambala 11, m'jini yopanga himogulobini, chinthu chofiira chonyamula mpweya m'magazi. Pamene payenera kulembedwa GAG palembedwa GTG, ndipo maselo ofiira, m'malo mokhala obulungira ndi ofeŵa, amapindika ngati zenga lomwetera udzu, n'kumatseka timitsempha ndi kufa msanga. Chimene chinkazunguza madokotala n'chakuti ana aŵiri okhala ndi chilembo cholakwika chomwecho sadwala mofanana: wina amagonekedwa m'chipatala kangapo pachaka, mnzake amapita kusukulu bwinobwino. Chifukwa chimodzi chinali chodziŵika. Mwana ali m'mimba amapanga himogulobini ya mtundu wina imene siipinda maselo, ndipo akabadwa thupi limaleka pang'onopang'ono kuipanga. N'chifukwa chake matendaŵa saoneka m'miyezi yoyamba. Ana amene thupi lawo silinalekeretu kuipanga savutika kwambiri. Koma chimene chimalamula thupi kuti lileke, palibe amene ankachidziŵa.

Yankho linachokera ku masamu. Mu 2007 akatswiri a ku London, ndiponso mu 2008 anzawo amene anapima anthu oposa 4,000 a pachilumba cha Sardinia ku Italy, anayeza kuchuluka kwa himogulobini ya ukhandayo m'magazi a munthu aliyense, n'kuyang'ana DNA yake pamalo oposa 300,000. Kompyuta inayerekeza malo onsewo, munthu ndi munthu, kufunafuna pamene zilembo za anthu okhala ndi himogulobini yambiri ya ukhanda zikusiyana ndi za ena. Inaloza jini yotchedwa BCL11A, pa mtolo wa nambala 2, imene panalibe dokotala woiganizira. Madokotala a ku Boston atayesa, anapeza kuti imeneyi ndiyo imazimitsa himogulobini ya ukhanda.

Mu November 2023 Britain inavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwala, amafooketsa mphamvu ya BCL11A m'maselomo, n'kuwabwezera m'thupi, ndipo thupi limayambanso kupanga himogulobini ya ukhanda. Mtengo umene unalengezedwa ku America unali madola 2.2 miliyoni pa munthu mmodzi. Mtengo wotere ndi woŵaŵa kuumva, poti ana ambiri a matendaŵa amabadwira mu Africa muno.

Koma chithandizo chimenechi si njira yokhayo. Mankhwala akale otsika mtengo otchedwa hydroxyurea nawonso amachulukitsa himogulobini ya ukhanda yomweyo, ndipo makolo ayenera kufunsa dokotala za mankhwalaŵa. Mwana woonetsa zizindikiro zija ayezedwe magazi msanga. Akapezeka nawo matendaŵa, azigona m'masikito usiku uliwonse, alandire katemera yense, azimwa madzi ambiri, asazizidwe, ndipo akangotentha thupi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kholo lokhala ndi chilembo cholakwika pa mtolo umodzi wokha kaŵirikaŵiri silidwala, ndipo chilembocho chimathandiza kuliteteza ku malungo aakulu. Bambo ndi mayi akakhala nacho onse aŵiri, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendaŵa. Kubadwa kwa mwana mmodzi wodwala sikutanthauza kuti atatu otsatira adzakhala bwino. Kuŵerengera kumayambanso pa mimba iliyonse.