Phunziro: WhatsApp ikakana kupanga apudeti

Mafoni amakono amene ambiri tili nawo kuno ku Kabwazi ndi a Android. Pali Itel, Tecno, Samsung ndi ena. Ena tinagula pa boma pa Dedza kapena ku Lilongwe, ena anatitumizira abale athu a ku Joni. Tsiku lina foni yotere imakudabwitsani. Mwatsegula WhatsApp kuti mumve mtengo wa soya, kapena uthenga wa ku gulu la banki m'khonde, koma pakutuluka mawu a Chingerezi akuti WhatsApp yanu yakalamba, muike yatsopano. Mukadina pamene palembedwa Update, kachizindikiro kamangozungulira osaleka. Mawa lake chimodzimodzi.

Apa ambiri amati foni yafa. Ena amathamangira kwa okonza mafoni kukalipira kuti aifulashe. Dikirani kaye. Nthawi zambiri foniyo ili bwinobwino. Changoima ndi chinthu chimodzi chaching'ono, ndipo mutha kuchipeza nokha mukadziwa m'mene ntchitoyi imayendera.

Amene amagwira ntchitoyi

Mu foni muli mapulogalamu, amene achinyamata amati ma app. WhatsApp ndi pulogalamu. Facebook nayo ndi pulogalamu. Eni ake sasiya kuwakonza. Amatseka mipata imene akuba angalowerepo, amawonjezera zatsopano, kenaka amatulutsa mtundu wina wokhala ndi nambala yakeyake. Kuchotsa mtundu wakale n'kuika watsopano ndiko kupanga apudeti.

Pali pulogalamu imodzi imene imayang'anira anzake onse. Dzina lake ndi Play Store, ndipo ndi ya kampani ya Google. Inayamba mu 2008 ikutchedwa Android Market, dzina la lero inalitenga mu 2012. Play Store imasunga mndandanda wa mapulogalamu amene ali mu foni yanu ndi nambala ya mtundu uliwonse. Mukadina Update, imalumikizana ndi makompyuta a Google kudzera pa intaneti. Imafunsa ngati kuli mtundu watsopano, ndiponso ngati mtunduwo ungagwire pa foni yanuyo. Kukakhala kuti ulipo, imaukoka, imaona chidindo cha eni ake, kenaka imauika m'malo mwa wakale osakhudza mauthenga anu.

Choncho pakufunika intaneti yoyenera, tsiku lolondola, malo okwanira, akaunti ya Google, ndi foni yosakalamba kwambiri. Chimodzi chikasowa, zonse zimaima. Tiyambe ndi zosafuna ndalama.

Tsiku ndi nthawi

Yang'anani tsiku limene foni yanu ikuonetsa. Kodi ndi la lero? Chakacho ndi chomwechi? Mafoni ena akakhalitsa ozima, kapena mukachotsa batire kukatchajitsa pa sola ya anzanu, amabwerera ku chaka chakale.

Mwina mukuti, tsiku likukhudzana bwanji ndi WhatsApp? Foni isanalandire kanthu kuchokera ku makompyuta a Google, imayamba yaona kalata ya umboni yotsimikiza kuti ikulankhuladi ndi Google, osati wonyenga. Kalata imeneyi ili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Foni ikamaganiza kuti tili mu 2015, imaona ngati kalatayo sinayambe kugwira ntchito, ndiye imakana. Lowani mu Settings, pezani Date & time, muyatse kuti foni izitenga yokha tsiku ndi nthawi ku netiweki. Nthawi ya ku Malawi imalembedwa GMT+2.

Bandulo yake ndi iti?

Apa ndi pamene ambiri timakodwa. TNM ndi Airtel amagulitsa mabandulo osiyanasiyana. Bandulo ya WhatsApp ndi yotsika mtengo, n'chifukwa chake timaikonda. Koma imatsegula WhatsApp yokha. Apudeti ya WhatsApp sichokera ku WhatsApp, imadzera ku Play Store. Ndiye mutha kukhala ndi ma MB ambirimbiri a WhatsApp, Play Store n'kumakhala ilibe ndi imodzi yomwe. Gulani bandulo ya intaneti yonse, ngakhale ya tsiku limodzi. WhatsApp imafuna ma MB makumi angapo, choncho ya 100 MB kapena kuposerapo ndiyo yabwino.

Nthawi zina bandulo ilipo koma pakulembedwa Waiting for Wi-Fi. Apa Play Store inauzidwa kuti izidikira Wi-Fi, pamene kwathu kuno Wi-Fi ndi yosowa. Tsegulani Play Store, dinani kachithunzi ka pamwamba kudzanja lamanja, sankhani Settings, kenaka Network preferences. Pa App download preference sankhani Over any network. Pomwepo palinso Auto-update apps. Ine ndimati muzimitse zimenezo. Mukazisiya kuti zizidzera pa netiweki iliyonse, foni imayamba kukoka mapulogalamu onse pa yokha, bandulo n'kutha WhatsApp isanafikiridwe.

Za netiweki yofooka mukuzidziwa kale. Aliyense m'mudzi amadziwa chulu kapena mtunda pamene foni imagwira bwino. Pitani pamenepo batire lili lodzaza.

Malo mu foni

Ili ndiye vuto lalikulu pa mafoni otsika mtengo. Foni yolembedwa 8 GB kapena 16 GB sikupatsani malo onsewo, chifukwa Android yeniyeniyo imatenga gawo lalikulu. Otsalawo amadzaza ndi mavidiyo a kwaya, a maliro, a ndale, a nthabwala, amene amalowa okha kuchokera m'magulu.

Anthu amadabwa kuti, pakuoneka kuti patsala 60 MB, WhatsApp ikufuna yochepera pamenepo, nanga ikukaniranji? Taganizirani pamene mukusamutsa chimanga kuchoka m'thumba long'ambika kupita m'thumba latsopano. Kwa kanthawi matumba onse awiri ayenera kukhala pansi limodzi, ndipo inunso mufunika poima. Lakale mumalichotsa mukamaliza. Foni imatero. Imasunga mtundu wakale mpaka watsopano utafika wonse, utamasulidwa, ndiponso utakhazikika. Imachita dala, kuti netiweki ikaduka pakati musatsale opanda kanthu. Choncho malo ofunika ndi ochuluka kuposa kukula kwa pulogalamuyo. Yesetsani kuti patsale 500 MB kapena kuposa.

Pochotsa zinthu, yambani ndi mavidiyo. Vidiyo imodzi itha kudya malo a zithunzi zambirimbiri, pamene mauthenga olemba sadya malo kwenikweni. Wina amatha madzulo onse akufufuta mauthenga a moni, malo osawonjezekera. Ngati WhatsApp ikutsegukabe, lowani mu Settings yake, Storage and data, kenaka Manage storage. Ikuonetsani zinthu zikuluzikulu ndi gulu limene zachokera. Ngati yatsekeka kale, fufutani kudzera mu Gallery kapena Files. Zithunzi za ukwati ndi za ana zisamutsireni ku memori khadi. Koma dziwani kuti memori khadi imathandiza posunga zithunzi ndi nyimbo basi. Mapulogalamu ambiri amafuna malo a mkati mwa foni. N'chifukwa chake munthu atha kukhala ndi khadi yopanda kanthu, foni n'kumanenabe kuti yadzaza.

Play Store nayo imadwala

Zonsezi zikakhala bwino koma osatheka, zimitsani foni n'kuyatsanso. Zikakanikabe, lowani mu Settings, Apps, Google Play Store, Storage, mudine Clear cache. Izi zimangochotsa zotsalira zakale. Muthanso kudina Clear data pa Play Store popanda kutaya mauthenga anu. Koma chonde onetsetsani dzina lili pamwamba. Mukadina Clear data pa WhatsApp, ikutulutsani, ndipo mauthenga atha kutayika.

Play Store nayo imafuna apudeti. Imadzipanga yokha mwakachetechete, koma foni ikakhala miyezi yambiri ikungodya bandulo ya WhatsApp, imatsalira. Mu Settings yake, pa About, pali mawu akuti Update Play Store.

Akaunti ndi nambala

Play Store sigwira popanda akaunti ya Google. Foni zambiri zobwera kuchokera ku Joni zimafika ndi akaunti ya mwini wake woyamba. Iye akasintha pasiwedi ali ku Johannesburg, Play Store yanu kuno imaima n'kumafunsa pasiwedi imene inu simukuidziwa. Njira yake ndi kutsegula akaunti yanuyanu. Ndi yaulere. Dzina ndi pasiwedi muzilembe m'kope losungika kunyumba.

Wina akuuzani kuti, ingochotsani WhatsApp yonse muikenso. Musanavomere, dzifunseni kuti WhatsApp yanu inalembetsedwa pa nambala iti. Poikanso, WhatsApp imatumiza manambala 6 ku simu khadi ya nambala imeneyo. Ngati ili nambala ya ku South Africa yoyamba ndi +27, kapena simu imene munataya kalekale, manambalawo sadzakufikani. Magulu anu onse mudzayamba kuwapemphanso.

Foni ikakalamba

Tsopano tifike pamene palibe mankhwala. Android nayo ili ndi mitundu yake. Android 4.4 inatuluka mu 2013, Android 5.0 mu 2014, ndipo pafupifupi chaka chilichonse kumatuluka ina. Opanga mapulogalamu sangasamale mitundu yonse mpaka kalekale. Kuyambira pa 24 Okutobala 2023, WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android yochepera 5.0. M'chaka chomwecho Google nayo inasiya kutumiza zatsopano za Google Play ku Android 4.4. Malire amenewa amakwera pakapita zaka.

Kuti mudziwe yanu, lowani mu Settings, About phone, muwerenge nambala ili pa Android version. Ikakhala yotsika, Play Store imalemba kuti foni yanu sigwirizana ndi mtundu umenewu, kapena siionetsa n'komwe batani la Update. Apa ngakhale mugule bandulo ya mwezi, ngakhale mufufute zonse, sizitheka. Kufulasha nakonso nthawi zambiri kumangobwezeretsa Android yomwe ija. Mtundu watsopano wa Android umachokera kwa kampani imene inapanga foniyo, ndipo mafoni otsika mtengo kawirikawiri amathera pa mtundu umene anabwera nawo. Palinso mafoni a Huawei opangidwa kuyambira kumapeto kwa 2019, amene alibe Play Store mpang'ono pomwe chifukwa cha chiletso cha boma la America. Awa sanawonongeke, anabadwa choncho.

     

Foni yokalamba musaitaye. Kuimba ikuimba, uthenga wamba ikutumiza. Mpamba pa *444# ndi Airtel Money pa *211# safuna Play Store kapena intaneti.

Za njira zachidule

Mnyamata wa pamsika atha kunena kuti, bweretsani ndikuponyereni WhatsApp kuchokera mu foni yanga pa Xender. Nthawi zina zimatheka, ngati akukupatsani WhatsApp yeniyeni ndipo mafoni anu akufanana. Nthawi zina foni imalemba App not installed, chifukwa Play Store imatumiza zidutswa zoyenera foni iliyonse payokha.

Chimene ndikukuletsani ndi GB WhatsApp ndi zinzake. Sizinapangidwe ndi eni ake a WhatsApp, ndipo mu Play Store mulibe. Kumbukirani chidindo chija. Chidindo cha GB ndi cha munthu wina wosadziwika, choncho Play Store singaipange apudeti. Miyezi ingapo iliyonse mudzabwerera kwa mnyamata uja ndi ndalama. Eni ake a WhatsApp amatsekanso nambala zimene zikugwiritsa ntchito mapulogalamu oterewa. Ndipo palibe angakutsimikizireni kuti mauthenga anu sakuwerengedwa kwina.

Mukapita kwa okonza mafoni, pitani mukudziwa chimene mukufuna. Muuzeni kuti, tsiku lili bwino, bandulo ndi ya intaneti yonse, malo alipo akuti, Android ndi nambala yakuti. Chotsani simu ndi memori khadi ngati foni igona komweko. Pini ya Mpamba kapena ya Airtel Money sifunika pa ntchito imeneyi. Wokufunsani pini akufuna zina.

Zochita m'kalasi

Khalani awiriawiri, amene ali ndi foni ya Android akhale ndi amene alibe. Pezani Android version, mulembe nambalayo m'kope. Pezaninso Storage mu Settings, mulembe malo onse a foniyo ndi malo amene agwiritsidwa kale ntchito, kenaka muchotsere kuti mupeze otsala. Powerengera tengani 1 GB ngati 1,000 MB.

Mukamaliza kambiranani nkhani iyi. Amayi ena ali ndi foni ya Android 8, malo otsala ndi 900 MB, tsiku ndi lolondola, ndipo dzulo anagula bandulo ya WhatsApp ya sabata. Update ikungozungulira. Kodi muwauza kuti achite chiyani, ndipo ziwatengera ndalama zingati pa mitengo ya mabandulo ya lero?