Ngoma Ikatha, Mubwerera Bwanji?

Ana anga a ku Ntcheu, ku Umhlangano pitani. Pa Nkolimbo, pomwe mwambo wa Angoniwu umachitikira, ndi pa makolo athu, ndipo mwana amene sanaone amadoda akuponda ngoma pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani V sanawadziwebe kwawo. Koma musanatuluke pakhomo, mudziwiretu mmene mubwererere.

Ndikunena izi chifukwa maliro amene ndagonapo pambuyo pa masiku a chisangalalo, makamaka Khirisimasi ndi chaka chatsopano, ambiri anachokera pamsewu dzuwa litalowa. M1 yathuyi imanyamula mabasi ndi malole usiku wonse, ndipo dalaivala wotsetsereka pa Biriwiri kapena pa Kampepuza sangaime msanga munthu akadzandira kulowa m'msewu. Wakabaza amene mumalandirana naye chipanda masana ndi yemweyo adzati, "Kwerani achimwene, atatu tikwana." Musakwere. Gonani kwa achibale, mawa kulinso. Ngati mukuyenda pansi, yendani kumanja kuti muziona galimoto ikubwera, ndipo muvale chowala.

Sindikuuzani kuti mowa ndi wachilendo kwa Angoni. Koma masese amene agogo anu ankamwa atakhuta nsima ndi nyama si ofanana ndi kachasu, amene ukali wake ngakhale wotcheza saudziwa, kapena timabotolo timene tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa. Idyani kaye. Mnzanu akagwa ndi mowa musamusiye kuseri kwa nyumba kuti "akatha adzuka yekha". Mugonekeni chammbali kuti asatsamwe ndi masanzi, wina akhale naye. Ngati sakudzuka mukamugwedeza, kapena akupuma movutikira, thamangani naye kuchipatala usiku womwewo.

Khirisimasi imagwa m'dzinja, nthawi ya matenda a m'mimba. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inafika poipitsitsa mu Januwale, anthu atangochoka kumaphwando. Kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya mudye zikadali zamoto. Mpunga wogona, woti ntchentche zaterapo, usiyeni ngakhale ukukoma. Posamba m'manja thiriranani madzi, ndi sopo. Beseni limodzi la mudzi wonse lija lisiyeni. Madzi akumwa aphitseni kapena muthiremo WaterGuard. Wina akayamba kutsekula m'mimba ngati madzi a mpunga, ayambe kumwa Thanzi ali panjira yopita kuchipatala.

Nkhani yotsalayi ena amaichitira manyazi, koma ine ndinena, kwa anyamata ndi atsikana omwe. Kondomu ikhale m'thumba mwanu inuyo, musadalire kuti mnzanuyo ali nayo. Ikaphulika, kapena wina akakugwirirani, pali mankhwala otchedwa PEP oteteza ku HIV, ndipo amathandiza pokhapokha mwayamba kumwa maola 72 asanathe. Musadikire kuti alendo abalalike kapena kuti holide ithe. Kukangocha pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, mukafotokoze zonse osabisa, ndipo mwana wamkazi afunsenso za mapiritsi oletsa mimba yosayembekezera.